Amayi Aloza, Ine Nditola

Lamlungu, pa 21 Seputembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti chifuwa chija chinawasiya alamu. Kuno tonse tadzuka bwino. Ndayamba ndi mawu amenewa dala: tonse, ndi Amayi omwe, tili bwino, palibe wavulala, palibe wagonekedwa. Muwerengenso kachiwiri, kenaka mukhale pansi, chifukwa ndikudziwa kuti mukangoona kalata yochokera kwa ine m'malo mwa foni, mtima uli kale m'mwamba.

Loweruka la sabata yatha mutaimba, munandifunsa kuti ulendo wa ku paki wayenda bwanji, ine ndinati, "Bwinobwino." Munafunsanso chifukwa chimene ndinkayankhira pa foni ya mlamu wanu, ndinati yanga yavuta pang'ono. Sindinaname kwenikweni, koma ndinakupatsani fupa, mnofu ndinabisa. Ndinkadziwa kuti ndikangoti "Amayi anaponda m'madzi," simundilola kumaliza. Ubwino wa pepala ndi woti silimudula munthu mawu.

Mukudziwa mmene zinthu zinalili. Chichokereni ku opaleshoni ya m'chiuno ija, Amayi anakana kuponda pansi. A mafizo, ophunzitsa odwala kuyendanso aja, amabwera, iwo amawalandira ndi ulemu wonse, amawafunsa za ana awo, koma ikafika nthawi yoimirira amangoti, "Ndinagwa kamodzi, kukoma kwake ndinakumva, zandikwana." Ulendo womaliza adokotala anandiitanira pambali nandiuza mosapita m'mbali kuti fupa lagwirana bwino, chatsala ndi mwini wake. Anati mwendo ukapanda kunyamula mwini wake umaiwala ntchito, ndipo akapitiriza chonchi, chikuku munatumiza chija chikhala chawo mpaka kalekale. Mawu amenewo ndakhala ndikudya nawo, kugona nawo, kupita nawo kuntchito.

Inu mumandiseka kuti ntchito yanga yoyang'anira chitetezo pa fakitale ndimabwera nayo kunyumba ngati fumbi la m'tsitsi. Sekani. M'nyumba muno ndinachotsa timakapeti tonse, ndinakhoma zitsulo zogwirira kubafa ndi m'njira yopita kuchipinda, ndinamata tepi yachikasu pa sitepe ya pakhomo. Amayi akati afikire kapu, kapu ili kale m'manja mwawo. Akati asunthe, ine ndili kale kumbuyo kwa chikuku. Koma m'malo mochira, munthu uja anangokhala duu. Telala uja, yemwe kale diresi silinkamudutsa osalipezera chifukwa, anasiya kuona. Tsiku lina mlamu wanu anavala dala siketi yopendekeka mpendero, nazungulira nayo patsogolo pawo akupukuta tebulo loyera kale. Amayi osacheukirako n'komwe. Mlamu wanu anabwera kukhitchini misozi ili lengelenge nati, "Apongozi tikuwataya tikuwaona. Tiwatulutse m'nyumba muno."

Anasankha ndi iyeyo paki ya boma ija ya kunyanja ya padamu, komwe anzake a kuntchito amakapumako. Ine ndinakana, ndinakananso, kenaka pakati pa sabata ndinapempha kutuluka msanga kuntchito ndi kupita ndekha kukaiona. Ndinayenda kanjira konse kuchokera poimika galimoto, ndinagwedeza mabenchi, ndinayeza chitseko cha chimbudzi ndi tepi kuti ndione ngati chikuku chingalowe. Ndinamufunsa mlonda wa pageti za njoka, za mavu, za chipatala chapafupi. Iye anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato nati, "Bwana, mwatumidwa ndi likulu?" Ndinati ayi, ndikubwera ndi amayi anga. Anapumira m'mwamba, navula chipewa chomwe anali atachivala mofulumira.

Loweruka m'mawa ndinalongedza bokosi la mankhwala, mabandeji, bulangeti, maambulera, pampu ya matayala a chikuku, ndi chingwe chomwe mpaka lero sindikudziwa kuti chinali cha chiyani. Ndodo ya Amayi ndinaitenga pongofuna kuti katundu akwane, poti anali asanaigwirepo n'komwe. Mlamu wanu anasuzumira m'buti nati, "A Chitetezo, tikupita kokasangalala kapena kunkhondo?" Mwana wathu Kansomba, yemwe tsopano watalika kundifika paphewa ndipo madzi akuwakondabe monga kale, anali atavala kale zosambira mkati mwa diresi.

Achemwali, malowo ndi okoma. Ngakhale ine ndikuvomera. Kapinga wometa bwino, mitengo ya mthunzi, matebulo a simenti okhala ndi poyatsira makala pambali. Posambira anatchingapo ndi chingwe cha timipira toyandama, ndipo pali munthu wokhala pa mpando wautali, wenzulo ili pakamwa, yemwe ndinamukonda pomwepo. Ena amabwereka mabwato opalasa ndi kumangozungulira pamodzimodzi akukangana kuti wolakwa ndani. Ena ali ndi mbedza pa thabwa lolowera m'madzi, akunamizana za nsomba ya chaka chatha. Koma ukadutsa posambira pali gombe lina lopanda mchenga, la nsangalabwi zokhazokha, ndipo kumeneko kuli mtundu wina wa anthu: onse ndi owerama, aliyense ndi kandowa kake, kuyenda ngati nkhuku zotola chimanga. Mlonda uja anatiuza lamulo lake: kandowa kamodzi pa munthu, osakumba, osaswa thanthwe, kungotola zomwe madzi alavula.

Ndinaika chikuku pansi pa mtengo chakufupi ndi gombelo, ndinamanga mabuleki, ndinaikanso miyala ku matayala. Ndodo ndinaikoleka kumbuyo. Mlamu wanu anayamba kuotcha nkhuku, Kansomba analowa m'madzi nditamumanga jekete loyandamitsa mpaka anadandaula kuti akubanika. Amayi anali m'chikuku, bulangeti pamiyendo, maso pamadzi.

Ndiye kunadutsa mayi wina wa chipewa chachikulu ngati lichero, kandowa kali m'manja. Anawapatsa moni Amayi, ndipo poona kuti maso awo ali pa kandowako, anatulutsa mwala umodzi. Unali wotuwa ngati phulusa, mwala wamba woti ungagendere galu. Anauthira timadzi ta m'botolo. Amayi anati, "Aa!" Akuti munatuluka mizere yoyera ndi yofiira, yozungulira ngati mkati mwa anyezi. Mayiyo anati ndi mmene ilili miyalayi, ikauma imabisa, n'chifukwa chake otola amayenda pomwe funde likufika. Ena akapanda madzi amangonyambita. Ndinaona ndi maso angawa bambo wina wamkulu, wa wotchi yodula, akunyambita mwala ngati switi. Ndinayang'ana kumbali.

"Tandibwerekani," anatero Amayi. Anautembenuza m'zala ngati mmene amayesera nsalu m'sitolo. "Mizere yake yawongoka kuposa ya matelala ambiri omwe ndikuwadziwa."

Mayi wa chipewa atapita, ndinaona khosi la Amayi latalika. Pasanapite nthawi anandikodola.

"Iwe. Taona apo, pafupi ndi chitsa icho, pomwe funde likunyambita. Wofiira uwo, wa lamba woyera pakati. Kanditolere."

Achemwali, vuto la maso anga mukulidziwa. Inu ndi amene munkandiseka ndikamapita kusukulu ndi sokosi imodzi yofiira, ina yobiriwira, ine ndili nyadu. Mpaka lero mataye anga amandisankhira ndi mlamu wanu. Kwa ine gombe lonse lija linali ngati mbatata zotsuka zomwazika. Koma kanali koyamba chichokereni kuchipatala kuti Amayi afune chinthu, ndiye ndinapinda thalauza ndi kutsetsereka.

Ndinabwera ndi woyamba. Anauyang'ana, nandiyang'ana.

"Wofiira umenewu? Uwu ndi wobiriwira ngati ndere. Bwerera."

Wachiwiri anati ndi sopo wochapira. Wachitatu anati ukufanana ndi dzino la ng'ombe yokalamba. Kenaka ndinabwera ndi umodzi ndili ndi chikhulupiriro chonse.

"Kufiira wafiiradi, mwana wanga, koma iyi ndi njerwa. Ndimange nayo chiyani?"

Ndinaitana mlamu wanu kuti abwere atithandize. Anakweza manja m'mwamba. "Ine manja anga ali mafuta okhaokha, ndipo nkhukuyi ndikangoisiya ipserera. Limbani nazo, a Chitetezo, sukulu munapita." Ndinaitana Kansomba, iye anamiza mutu m'madzi.

Ndinati, "Amayi, tichite mwadongosolo." Ndinatola kamtengo, ndi kuyamba kuloza mwala umodziumodzi kuchokera pa chitsa, kuti iwo azingoti inde kapena ayi.

"Ayi. Ayi. Kumanja! Kumanja kwako, osati kwanga! Wapitirira! Mayo ine, ndalama za koleji zija bola ndikanagula mbuzi."

Anthu a pa tebulo loyandikana nalo anali atayamba kale kutsatira nkhaniyo ngati mpira. Bambo wina anafuula kuti, "Watsala pang'ono, achimwene!" ngakhale sankadziwa n'komwe mwala wake. Ndipo chakumtunda, mayi wa chipewa anali atatembenuka, akubwerera pang'onopang'ono m'mphepete momwemo, maso ali pansi.

"Fulumira, chipewa chikubwera!" anatero Amayi. "Akautola uja, iwe ugona panja."

Ndinawerama, ndinawafulatira, ndi kuyamba kutola uliwonse wooneka kuti uli ndi mzere, n'kumaukweza m'mwamba osacheuka. Uwu? Ayi. Uwu? Ayi. Kenaka ndinakweza wina, koma yankho silinabwere. Ndinafunsanso, "Uwu, Amayi?" Ndinamva miyala ikulira kumbuyo kwanga, khwa, khwa, khwa, ndi mawu pafupi penipeni ndi khutu langa.

"Suntha."

Anali ataima pamenepo, Achemwali. Ndodo m'manja, thukuta pamphuno, bulangeti litagwa cha uko pakati pa njira. Chikuku chili chokha pansi pa mtengo, mabuleki ake ali omanga bwinobwino. Ndikuuzeni zoona: ndikanawaona akunyamuka, ndikanathamanga ndi kuwakhazika pansi. Anayenda chifukwa ndinali nditawafulatira. Zimenezi zandikhala pamtima sabata yonseyi.

Manja anga anapita okha kuti ndiwagwire. Anandiyang'ana ndi diso lija ankatiyang'ana nalo tikamasewera ndi sizasi yawo.

"Ukandigwira ndigwa. Chotsa manja."

Ndinachotsa. Sindinkadziwa poti ndiwaike, ndinangowapisa m'thumba. Anaponda kawiri kapena katatu, ndi kuika nsonga ya ndodo pa mwala wina womwe ndinali nditauponda ndi kuudutsa kambirimbiri.

"Adokotala anati ndisawerame. Werama iwe."

Ndinatola. Mayi wa chipewa anafika nthawi yomweyo, nasuzumira m'dzanja langa, nati, "Ii, mayi, umenewo ndaufunafuna chilimwe chonse!" Amayi anayankha mwaulemu kwambiri kuti, "Pepani, mwachedwa pang'ono." A pa tebulo paja anaomba m'manja. Ndinacheuka kuti ndione mlamu wanu, ndinangomuona msana, akukupiza makala mwamphamvu, mapewa akugwedezeka.

Ndinaganiza kuti basi, tibwerera ku chikuku. Iwo anati, "Uko kuli wina." Ndipo ndi mmene tinayambira ntchito: iwo aloza ndi ndodo, ine nditola. Maso awo, msana wanga. Akatopa ankaima, atatsamira ndodo ndi manja onse awiri, akunamizira kuti akuona mabwato. Ine ndinkanamizira kuti sindikuwerenga mpweya wawo. Kansomba anatuluka m'madzi kudzanyamula ndowa zomwe tinkaikamo miyalayo, ndipo agogo ake anamuuza kuti chovala chake chosambiracho anachisoka munthu wothamangira basi. Mwanayo anafuulira amake kuti, "Amayi, agogo ayambanso!" ngati akulengeza kuti magetsi ayaka.

Tsopano za foni. Kunadutsa boti la injini chapatali, ndipo ine ndinaona funde lake likubwera. Kuntchito timaphunzitsa kuti ngozi uziiona isanafike. Ndinalumpha kuti ndiime pakati pa Amayi ndi fundelo, ngati kuti munthu angatchinge nyanja ndi miyendo. Phazi linatera pa mwala woterera. Ndinakhala pansi m'madzi, phwa, mpaka m'chiuno, foni ili m'thumba lakumbuyo. Fundelo linafika, linawanyowetsa Amayi mu akakolo mokha, ndi kubwerera mwaulemu.

Amayi anaseka. Anaseka kuseka kuja kosatulutsa mawu, kongotuluka misozi, mpaka ndinaopa kuti ndodo iwapulumuka. Atapeza mpweya anati, "Dzuka pang'onopang'ono, usaope, ndili pompano. Yamba ndi mwendo wabwinowo." Mawu anga enieni, ndi kanenedwe kanga komwe, omwe ndakhala ndikuwauza m'mawa uliwonse. Wa pa mpando wautali uja anaimba wenzulo ndi kufunsa ngati bamboyo akufuna thandizo. Kansomba anayankha kuti, "Ayi, ndi a chitetezo amenewa!"

Nkhuku tinadya nditafunda bulangeti la Amayi. Pobwerera ku galimoto anakana kukwera chikuku. Anati ndowa ndi zolemera, zikwere ndi zimenezo, iwo agwira kumbuyo azikankha. Ndiye chikuku chanu chodula chija chinanyamula miyala, mwini wake ali pambuyo. Sindikukokomezerani: pakati pa njira mphamvu zinawathera, nkhope inatuwa, anakhala pansi, ndowa tinaziika pamiyendo pawo, ndipo ndinakankha ndine. Anagona m'galimoto njira yonse, mwala wofiira uja ali nawo m'manja. Chikukucho chinalowa mchenga m'matayala, pano chikulira ngati mbewa, ndipo chakalika mbali imodzi. Ndikonzetsa. Mundikhululukire.

M'mawa mwake mwendo unawawa, ine ndinaona kale mapeto a dziko. Lolemba ndinawatengera kwa adokotala. Anawapima, anawaimiritsa, anawayendetsa mpaka pachitseko, nati ndi kuwawa kwa minofu yomwe yadzutsidwa kutulo. Kenaka anandifunsa kuti pakiyo ili kuti, ati ali ndi odwala ena ofunika kuwatumiza kumeneko pamodzi ndi ana awo osaona mitundu.

Mlamu wanu ndinamufunsa ngati anakana dala kubwera kudzatola mwala uja. Anati, "Ine ndimaotcha nkhuku." Ndinati nkhukuyo ndinaiona ili kale m'mbale, yovundikira. Anati, "Maso anuwo muziwakhulupirira?" Ndasiya pomwepo.

Miyala ija itauma kunyumba, yonse inatuwa. Ndinada nkhawa kuti Amayi agwa ulesi. Anaiyala patebulo, naisankha, yosalala ndi yaphwatalala payokha. Anati imeneyo ndi yopsinjira nsalu podula, kuti isamathawe, bola kusiyana ndi mbale ndi zitini zomwe akhala akugwiritsa ntchito zaka zonsezi. Ndipo anati kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera kangabweze mitundu yonse, osafunanso madzi. Ndinati ndikagula mafutawo mawa. Anati, "Ugule chifukwa chiyani? Ali kwathu, m'kabati ya makina."

Apa ndi pomwe pali pempho langa, Achemwali. Amayi akufuna kubwerera kunyumba kwawo mwezi wamawa ukamatha. Adokotala akuti akapitiriza chonchi ndi mafizo, palibe choletsa. Masitepe a pakhonde paja ndikawaikira chogwirira, ndipo mayi woyandikana nawo uja wavomera kumawazonda m'mawa ndi masana. Nesi wokhala nawo tsiku lonse yemwe mumafuna kumulemba uja, muyambe mwaimitsa. M'malo mwake muwatumizire nsapato zotsekeka, za mphira wogwira pansi, zosamanga ndi zingwe, chifukwa akuti ku paki kuja tibwererako, mbali ya kuseri kwa chitsa sanaione bwino.

Ndikupempheni chinthu chimodzi: munene kuti inde. Ndikudziwa kuti mukuopa, poti muli kutali ndipo mumangomva. Ine ndili pafupi ndipo ndikuopa kukuposani. Mukanena kuti ayi, mumtima ndisangalala, ndibisala kumbuyo kwanu, ndiwauza kuti "Achemwali akana," ndipo ndiwabwezera m'chikuku ndi manja awiri, mwachikondi. Musandipatse pobisala pamenepo.

Mlamu wanu akupereka moni wambiri, akuti chithunzi changa ndili m'madzi anajambula ndipo akutumizirani ndikachoka. Kansomba akuti azakhali abwere adzawaphunzitse kupalasa bwato. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti amalume awo akuwasowa.

Moni wa Amayi ndilibe, chifukwa kuno kulibe. Atuluka ndi ndodo yawo, akuti akukagula choko cholembera nsalu pa kagolosale ka pakona, ndipo andiuza kuti ndikawatsatira akandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Ndime yomwe ili pamwambayi ndailemba nditaimirira pawindo, n'chifukwa chake mizere yapendekeka. Tsopano ndamva geti likulira. Ndabwerera pa mpando. Sindituluka, Achemwali. Ndikhala pompano, cholembera chili m'manja, mpaka atsegule chitseko okha.

Ine mlongo wanu wokukondani,
yemwe mumati Samalani